NJIRA YA KU GOMBE NDI THUMBA LA KHONSOLO



Caka ciri conse, mvula ikamayandikira, makhonsolo a dziko la Zambia amakhala pansi kukonza ndondomeko ya ndalama za caka cotsatira, imene ambiri amaicha bajeti. Pa nthawi imeneyi mau amakwera pa nkhani ya malipiro a anchito, miseu, misika ndi mafuta a magalimoto. Koma m'maboma amene ali m'mphepete mwa nyanja, monga Siavonga, Gwembe ndi Sinazongwe pa Kariba, Samfya pa Bangweulu, Nchelenge pa Mweru ndi Mpulungu pa Tanganyika, muli nkhani ina imene kawiri-kawiri imafufutidwa poyamba ndalama zikacepa. Nkhaniyo ndi ya njira yofikira ku madzi: kanjira ka mai wosenza ndowa, doko la msodzi, pomwera ng'ombe, ndiponso mcenga pamene ana a sukulu angasewere pa chuthi popanda kupitikitsidwa ndi mlonda.

Lamulo lakale losamala madzi kulibe amene angalifune lero. Limene likugwira nchito ndi la caka ca 2011, ndipo linena poyera kuti madzi onse a m'mitsinje ndi m'nyanja ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse. Munthu wotunga madzi akumwa, ophikira kapena ocapira safunikira cikalata ca cilolezo. Mau amenewa ndi abwino ndithu. Koma madzi safikidwa pouluka ai. Munthu amapondapo pa nthaka kuti afike ku madzi, ndipo nthakayo ingakhale ndi mwini wace amene ali ndi cikalata, mpanda wa waya ndi galu. Motero ufulu wa madzi umathera pa cipata ca munthu wina, pokha-pokha ngati khonsolo inasiyiratu mpata ndi kupatula ndalama zousamalira.

Pa nyanja ya Kariba nkhani imeneyi iri ndi kulemera kwace-kwace, cifukwa gombe limenelo linagulidwa ndi misozi. Cipupa ca damu cinamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo madzi atayamba kukwera anthu a Citonga pafupi-fupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anacotsedwa m'minda yao ya m'mbali mwa mtsinje, mmene anali kukolola kawiri pa caka, nasiya manda a makolo ao pansi pa madzi. M'mwezi wa September 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, anthu anakana kukwera malole owapereka ku Lusitu, ndipo apolisi a boma la atsamunda anawombera ndi kupha amuna 8. Magetsi a Kariba anapita ku migodi ndi m'mizinda, pamene midzi yambiri ya anthu osamutsidwawo inakhala mu mdima zaka makumi-makumi. Mdzukulu wa anthu amenewa akaletsedwa lero kutsikira ku madzi cifukwa ca mpanda wa hotela, ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira kuti kodi banja lace lidzasamutsidwa kangati.

MPANDO WA KHONSOLO PA NKHANI YA MALO

Anthu ambiri akaona mpanda wafika mpaka ku madzi amaloza cala mwini hotela. Koma asanamange mpandawo, mapepala ace anadutsa pa tebulo la khonsolo, ndipo apa ndi pamene nkhani ifunika kuimvetsa bwino.

M'caka ca 1975, pambuyo pa mau a Dr Kenneth Kaunda a mwezi wa June, Nyumba ya Malamulo inathetsa umwini wa malo wamuyaya ndi kuusandutsa lendi ya zaka 100, ndipo malo opanda citukuko anayesedwa opanda mtengo wogulitsira. M'caka ca 1985 kalata ya Unduna wa za Malo inaika makhonsolo kukhala oimirira Komishona wa Malo m'maboma, kuti ndiwo azilandira mapempho, kufunsa opemphawo ndi kutumiza maina ku Lusaka. Lamulo la Malo la 1995 linabweza mtengo pa nthaka, ndipo linatsegula khomo lakuti malo a mafumu asandutsidwe a lendi ya zaka 99, mfumu ikavomera ndi khonsolo ikavomera. Kuyambira pamenepo gombe linasanduka katundu wa mtengo wapatali, pakuti palibe puloti imene ikoma kwa wogula kupambana iyo yoyang'ana madzi.

Tsono khonsolo imene iribe ndalama zolipira anchito ace, ikaona mtunda wa m'mphepete mwa nyanja, imaona ndalama za mafomu, ndalama zokonzera mapuloti ndi msonkho wa nyumba wa m'tsogolo. Kusiya mpata wa mamita ocepa pakati pa mapuloti awiri kumaoneka ngati kutaya ndalama, ndipo wopima malo akapatsidwa nchito amadula mapuloti ogundana-gundana monga njerwa pa cipupa. Palibe amene anakhala pansi ndi kupangana kuti amai asatungenso madzi. Cinangocitika puloti imodzi-imodzi, msonkhano ndi msonkhano, kufikira tsiku lina anthu anadzuka napeza kuti njira ya mphindi zisanu yasanduka ya ola lathunthu. Ndipo cikalata ca zaka 99 cikatuluka, madzi atayika, saoleka: kuti khonsolo ibwezenso kanjira komweko iyenera kugula kapena kulipira cipukuta-misozi, ndi ndalama zoposa kutali-tali zimene inalandira. Unduna wa za Malo waimitsapo kangapo makhonsolo ena pa nchito yogawa malo cifukwa ca cisokonezo, koma kuimitsa khonsolo sikugwetsa mpanda umene unamangidwa kale.

Njala ya makhonsolo siinayambe dzulo. Kale makhonsolo a m'mizinda anali ndi zitsime zao-zao za ndalama: mowa wa m'matavani, lendi ya nyumba, madzi ndi magetsi. Zitsimezi zinaphwa cimodzi-cimodzi. Magetsi anapita ku ZESCO m'zaka za m'ma 1970. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, thandizo locokera ku likulu linacepa, ndipo lamulo la 1980 limene linaphatikiza khonsolo ndi Cipani pansi pa Bwanamkubwa wa boma linaonjezera maudindo olipidwa popanda kuonjezera ndalama. Lamulo la 1991 linalekanitsa ziwirizi, koma mu 1996 nyumba za makhonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo pa mitengo yotsika kwambiri, pambuyo pa lamulo la 1997 madzi anapita ku makampani a madzi, ndipo mu 2009 msonkho wa mbeu, umene unali msana wa makhonsolo a kumidzi, unathetsedwa. Msonkho wa munthu wogwira nchito wakhala zaka zambiri wosapyola K15 pa caka, ndalama yosakwana ndi mbale imodzi ya nsima ya pa msika.

Codabwitsa ndi cakuti gombe lomwelo limabala ndalama, koma zambiri zimakwera basi kupita ku Lusaka. Lendi ya nthaka imalipidwa ku Unduna wa za Malo. Msonkho wa alendo oona malo, umene unayamba mu 2017 pa 1.5 peresenti, umasonkhanitsidwa ndi ZRA. Zilolezo zophera kapenta, nsomba imene inatengedwa ku Tanganyika ndi kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, zimaperekedwa ndi Dipatimenti ya Nsomba. Khonsolo imatsala ndi msonkho wa nyumba, malaisensi a malonda ndi msonkho wa nsomba zoturuka m'boma, pamodzi ndi zinyalala zonse zimene alendo ndi amalonda amasiya.

KUMANGA NDI KUSUNGA

Komabe sikungakhale koona kunena kuti makhonsolo a lero ali manja lende monga a zaka 20 zapitazo. Kuyambira mu 2015 boma limatumiza thumba lothandizira makhonsolo kuti osauka asatsalire, ndipo lamulo lifuna kuti magawo osacepera 20 pa 100 a thumbalo apite ku nchito zomanga. Thumba la citukuko la CDF, limene linayamba mu 1995, linakwera mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciri conse ca phungu, mu 2024 linafika pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Ndalama zomangira doko, kukonza kamseu kotsikira ku madzi ndi kukumba zimbudzi tsopano zingapezeke.

Bvuto liri pawiri. Loyamba ndi lakuti mapempho a CDF amacokera ku makomiti a citukuko a m'mawadi, ndipo pa msonkhano wa wadi doko limapikisana ndi cipinda ca sukulu, kiliniki ndi mjigo. Palibe munthu wanzeru angadzudzule kholo losankha denga la sukulu. Koma m'boma la m'mphepete mwa nyanja doko siliri malo osangalalirako cabe, monga ena amaganizira akamva za mcenga woyera wa ku Samfya. Ndi pomwe ndalama ya yunifomu ya mwana wa sukuluyo imacokera, ndiponso ndi pomwe matenda odzaza kilinikiyo amayambira. Pa doko lopanda cimbudzi anthu amadzithandiza m'chire kapena m'madzi, ndipo madzi omwewo amamwedwa ndi kutsukira nsomba. Likodzo limakhala m'madzi oima a m'mbali mwa gombe mmene muli nkhono. Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu oposa 700, ndipo mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasandutsidwa cipatala. Mliri umenewo unakula kweni-kweni m'makomboni a mzinda, koma cimene cinaukulitsa, ndico madzi akumwa osanganikirana ndi zonyansa, ciri pa doko liri lonse losasamalidwa.

Bvuto laciwiri ndi lozama kuposa loyamba. Ndalama yomangira imabwera kamodzi, pamakhala mwambo wodula riboni, ndipo anthu amaomba m'manja. Ndalama yosungira imafunika mwezi ndi mwezi, ndipo iribe mwambo. Cimbudzi cimadzaza ndipo cifuna kupopedwa. Mpope umathyoka. Mpanda wa zitsulo wochinga ng'ona pa malo otungira madzi umacita dzimbiri, ndipo mpanda wobooka ndi woopsa kuposa kusakhalapo kwace, pakuti amai amalowa m'madzi mtima uli m'malo. Wosesa ndi mlonda afuna malipiro. Zonsezi zimagwera thumba la khonsolo la tsiku ndi tsiku, lomwe lija liri ndi ngongole za anchito opuma. Khansala wobvomereza cimango pa gombe asanaone mzere wa ndalama zocisamalira mu bajeti, wabvomereza bwinja la zaka zitatu zikudzazo.

Pa Kariba palinso cinthu cina cimene omanga ayenera kukumbuka: gombe limayenda. Pa cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacicha tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February, madzi anatsika kotero kuti magetsi anali kuzima pafupi-fupi tsiku lonse, ndipo m'malo osaya nyanja inathawa kutali ndi pamene mabwato amakoceza masiku onse. Doko la simenti lomangidwa poyang'ana madzi a caka cimodzi lingatsale pouma caka cina, ndi kumira caka cinanso.

Nanga kulipiritsa pa cipata? Nkhaniyi imagawa makhansala, ndipo mbali zonse ziri ndi mfundo. Ena ati gombe la anthu onse liyenera kukhala laulere. Ena ati caulere ciribe mwini ndipo cimaonongeka msanga. Coonadi ndi cakuti anthu ofika pa gombe sali a mtundu umodzi. Lole yodzanyamula matumba a kapenta, bwato la injini lonyamula alendo, galimoto yocokera ku Lusaka pa chuthi ca Khirisimasi, wogulitsa mowa ndi nyama yoocha pa mcenga, onsewa amapindula ndi malowo ndipo angathe kulipira popanda kudandaula. Mai wa ndowa, mwana wodzasamba ndi mbusa wa ng'ombe sayenera kufunsidwa ngakhale ngwee imodzi, cifukwa akafunsidwa sadzaleka kufuna madzi. Adzapita kuseri, ku bango, kumene kuli ng'ona ndi mvuu. Ndipo ndalama ya pa cipata ikhale ndi lisiti ndi buku lace, kuti gawo lodziwika libwerere pa doko pomwepo. Ikangolowa m'thumba lalikulu la khonsolo, imaturuka ngati mafuta a galimoto.

Nchito yochipa kuposa zonse ndi ya pensulo. Lamulo la mapulani a mizinda ndi madera la 2015 lipatsa makhonsolo udindo wokonza pulani ya citukuko ya boma lonse, anthu atafunsidwa maganizo. Pa pulani imeneyo, m'malo amene mapuloti sanagawidwe, njira zotsikira ku madzi, madoko ndi pomwera ziweto zingalembedwe ndi kupimidwa, ndipo khonsolo ingatenge cikalata ca malowo m'dzina lace kuti mawa wina asadzawapemphe. Lamulo la Malo la 1995 linakhazikitsanso thumba lotsegulira malo atsopano, limene makhonsolo angapemphemo ndalama. Mafumu ali ndi mbali yaikulu, pakuti ndiwo ndi nduna zao amene adziwa njira zakale za ng'ombe ndi malo a miyambo, ndipo kalata yao yobvomereza ingachule poyera kuti njira yakuti-yakuti siiri m'gulu la malo operekedwawo. Mtengo wa zonsezi ndi malipiro a wopima malo, mafuta a ulendo wace ndi zikhomo za simenti zoika m'malire. Mzere umenewu uyenera kulowa mu bajeti isanatumizidwe kwa Nduna ya Maboma Aang'ono, pakuti caka ca ndalama cimayamba pa 1 January, ndipo mapempho a mapuloti a pa gombe ali kale m'mafaelo kudikira msonkhano wotsatira wa komiti ya mapulani.