Mbewu Sitidya: Mawu a Mlembi wa Mvano pa Chikondwerero cha Zaka 5



Ine sindine wophunzira kwambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ulembiwu munangondisenzetsa poona kuti cholembera ndimachigwira. Choncho mundikhululukire ngati mawu anga sakhala osalala. Ndaima pano kuti ndinene za chiyembekezo, pakuti ndicho chatisunga zaka 5 zimenezi.

Mukumbukira kuti tinayamba m'chaka cha 2020 tili amayi 9 okha, pansi pa mtengo wa mango. Tchalitchi chachikulu chili kutali, ndipo m'dzinja mtsinje ukadzaza nkhalamba ndi ana samatha kuwoloka. Nchifukwa chake akulu a mpingo anatilola kumanga nyumba ya mapemphero kuno. Tinaimanga ndi zidina, tinaizira ndi manja athu, ndipo tsiku limene malata anakwera tinavina mpaka fumbi kobo.

Koma m'mwezi wa Marichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osaleka. Amayi achikulire amene anaona napolo wa mu 1991 kuno ku Phalombe, atangomva mkokomo wochokera ku phiri, anadziwa chimene chikubwera, nafuula kuti tithawe. M'dziko lathu lino anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Nyumba yathu ya mapemphero inagwa. Amayi awiri a bungwe lathu anatisiya, ndipo mmodzi mwa iwo mtembo wake sitinaupeze kufikira lero.

Buku la mayina ndinalitola m'matope, ndi kuliyanika tsamba limodzilimodzi. Tsiku loyamba kukumananso, ku sukulu kumene tinathawira, ndinayamba kuitana mayina monga mwa masiku onse. Nditafika pa mayina awiri aja, mawu anandithera pakhosi. Amayi anzanga, lero ndiulule pamaso panu. Usiku umenewo ndinauza abambo akunyumba kuti Mvano watha, ndipo nkwabwino tingobwerera ku tchalitchi chachikulu. Sindinali ndekha woganiza chotero, ndipo ena maganizo amenewa akadali nawo.

Amene anandibweza ndi agogo ena a mu mpingo uno, ali pompano, koma andiletsa kutchula dzina. Pothawa madzi iwo sanatenge poto kapena bulangete, anangotenga kathumba ka mbewu ya chimanga, namanga m'chiuno. Ku sukulu kuja njala inatipweteka, adzukulu awo analira kuti awakazingire, koma agogowo anakana ndithu. Anati, "Ukadya mbewu, wadya chaka cha mawa." Madzi ataphwa anakabzala kudimba, ndipo mondokwa woyamba amene ine ndinadya chaka chimenecho anachokera m'kathumba komweko.

Pamenepo ndinamvetsa chimene Paulo akuphunzitsa pa 1 Akorinto 15, pamene afanizira kuuka kwa akufa ndi mbewu. Mayi aliyense pano adziwa kuti njere imene tiikwirira imafufuma, imaola khungu, ndipo ukaifukula sungaifunenso. Koma m'menemo ndimo mutuluka phesi. Amayi athu awiri aja sitinawataye, tinawabzala. Ngakhale uja amene manda ake sitiwadziwa, Mwini munda adziwa pamene agona, ndipo adzamuutsa. Kulira timalira ndithu, koma si kulira kwa anthu opanda kolowera.

Taonaninso amayi a pa Marko 16, Mariya wa Magadala, Mariya amake wa Yakobo, ndi Salome. Iwo analawira m'mamawa kunka kumanda ndi zonunkhira, ndipo nkhawa yawo panjira inali mwala waukulu wotseka pakhomo, umene sakanatha kuusuntha. Komabe sanakhale pansi kudikira kuti mwalawo uyambe wachoka. Ananyamuka, nakapeza Mulungu atagwira kale ntchito imene inawakanika. Uthenga woti Yesu wauka unayamba kumveka m'makutu a amayi amene anadzuka ndi kuyenda, ngakhale mitima yawo inali yosweka.

Ngakhale mpingo wathu wa Sinodi ya Blantyre unadutsa momwemo uli wakhanda. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, koma pasanathe zaka 5 inatsala pang'ono kufa, chifukwa amishoni ena oyamba analanga anthu mwankhanza, ndipo mpingo wa ku Scotland unachotsa atsogoleri ake. Mu 1881 kunabwera Mbusa David Clement Scott kudzayambanso. Iye sanaphunzire za zomangamanga, ngakhalenso anthu akuno amene anagwira naye ntchito, koma anaumba njerwa, nawotcha, namanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891. Chilipo mpaka lero, ndipo ena a ife tinapempheramo. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyo. Akanati atseke mu 1881, kodi ife bwenzi titavala bulauzi yoyerayi lero?

Tsono amayi anzanga, mbewu yathu ndi iti? Ndi kagulu komwe kano. Tikabalalika, tadya mbewu. Lero m'buku muli mayina 23, ndipo ena mwa iwo ndi atsikana amene anavala chaka chatha. Tabwereranso pansi pa mtengo wa mango, koma malo atsopano okwera, kutali ndi khwawa, amfumu atipatsa kale. Chotsala ndi manja. Mutu umodzi susenza denga. Chilimwe chino mayi aliyense atunge madzi pa tsiku la chigawo chake, abambo aponde dothi ndi kuumba, achinyamata atute. Ndipo popeza taona chimene phiri lopanda mitengo limachita, mtengo uliwonse umene tidule powotcha njerwa, tibzale ina m'malo mwake mvula ikagwa. Tisaiwalenso ana amene amayi awiri aja anasiya. Yunifolomu ndi makope awo ndi udindo wathu.

Mayina awiri aja sindinawafafanize m'buku, ndipo sindidzawafafaniza, pakuti tsiku lina adzaitanidwa ndi Wina woposa mlembi, ndipo adzayankha.

Ambuye amene anauka kwa akufa adalitse bungwe lathu ndi mabanja athu onse.