Kuphwanya Mawu Aatali a Chingerezi

Mwana wa kumudzi akafika mu mzinda wa Lusaka amaona dzina lalitali la mseu wochokera kumapeto a Cairo Road kunka ku Woodlands, ndilo Independence Avenue. Ana ambiri amangoloweza mawu otere osawamvetsa, ndipo pa tsiku la mayeso amasowa cholemba.

Mphunzitsi wanzeru amaphwanya mawuwo monga mtedza. "Depend" ndiko kudalira. "In" wa kutsogolo amakana, monga "osa" m'Chinyanja. "Ence" wa kumapeto amasandutsa mneni kukhala dzina. Tsono mawu onsewo atanthauza kusadalira wina, ndiwo ufulu umene dziko la Zambia linalandira pa 24 Okutobala 1964.

Mwana wogwira mfungulo imeneyi adzatsegula yekha "incomplete", "invisible" ndi "injustice". Komabe mphunzitsi amchenjeze kuti "in" sakana nthawi zonse, pakuti mu "income", ndalama zolowa, atanthauza m'kati.

Chotero mphunzitsi asadzaze bolodi ndi mawu makumi awiri. Mawu atatu ophwanyidwa bwino, naikidwa m'ziganizo zopangidwa ndi ana eni ake, akwanira tsiku limodzi.