Davide Anakwiyira Kankhosa, Uriya Ali M'manda

Aleluya! Yesu ndi Ambuye. Amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani 2 Samueli chaputala 12, muike chala pamenepo, tifikapo posachedwa.

Ndiyambe ndi nkhani ya mkango. Mu July 2015, ku Zimbabwe, pafupi ndi nkhalango ya Hwange, kunaphedwa mkango wina dzina lake Cecil. Eya, mkango wokhala ndi dzina ngati mwana wa munthu. Unali ndi zaka 13, ndipo m'khosi unavala kachipangizo kamene akatswiri a ku yunivesite ya Oxford ankautsatira nako. Amene anaupha anali dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, yemwe analipira madola pafupifupi 50,000 kuti akasake. Abale anga, dziko linagwedezeka. Anthu anakaunjikana ndi zikwangwani pakhomo la chipatala chake ku Minnesota mpaka anatseka kwa milungu ingapo. Makampani akuluakulu a ndege analengeza kuti sadzanyamulanso mitu ndi zikopa za mikango yophedwa. Pa Facebook panali maliro enieni.

Tsono chaka chomwecho, mu January, madzi anasefukira kuno kwathu. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa anthu anagona m'mitengo, oposa 100 anafa, oposa 200,000 anasowa pokhala. Mu April bwato lodzaza anthu ofuna kukafika ku Ulaya linamira pafupi ndi Libya, anthu pafupifupi 800 anathera m'madzi usiku umodzi. Ndikufunseni inu amene mukundimvera: dzina la mkango tikulidziwa, nanga ndani angatchule dzina la munthu mmodzi yekha mwa 800 aja? Ngakhale ine sindingathe.

Musafulumire kunena kuti awo ndi azungu, ali ndi zawo. Ayi, dikirani kaye. Kodi si kuno kwathu kumene munthu amatenthedwa ndi tayala chifukwa cha mbuzi? Mbuzi ija timaimvera chisoni, mwini mbuzi timamupepesa, koma mnyamata amene wapsa uja, mayi ake akulira kumudzi, timati wadziputira yekha. Ndiponso musandimve molakwa. Mulungu sadana ndi nyama, ndiye anazilenga. Miyambo 12 imayamikira munthu wosamala chiweto chake, ndipo kumapeto kwa buku la Yona Mulungu akuwerengera ndi ng'ombe zomwe za ku Nineve. Iwe womenya bulu mpaka kutuluka magazi chifukwa ngolo yalemera, ulape. Koma lero nkhani yanga si imeneyo.

Tiyeni pachala chathu paja. Davide watenga Bateseba, mkazi wa msilikali wake Uriya. Mimba yaoneka. Wayesa njira iyi, yakanika, wayesa iyo, yakanika. Pomaliza walemba kalata yoti Uriya aikidwe kutsogolo kumene nkhondo yatentha, anzake amuthawe. Ndipo kalatayo anainyamula ndi Uriya yemweyo, m'manja mwake! Uthenga wa imfa utafika, kodi Davide anang'amba zovala? Ayi. Anatumiza mawu kwa Yoabu oti asavutike mtima, kunkhondo anthu amafa. Basi. Munthu wokhulupirika wafa, mfumu yagona tulo.

Kenako kukubwera mneneri Natani ndi kankhani. Akuti kunali munthu wolemera wa ziweto zambirimbiri, ndi wosauka wa kankhosa kamodzi kokha, kamene ankadya nako mbale imodzi, kugona nako pachifuwa ngati mwana. Wolemera uja atalandira mlendo, anaumira nkhosa zake, n'kukagwira ka wosauka kaja n'kupha. Taonani Davide tsopano! Wanyamuka pampando, maso afiira, akulumbira kuti munthu ameneyo ayenera kufa, ndipo abweze nkhosa zinayi. Mtima uja unali gwa pa imfa ya Uriya wasungunuka chifukwa cha kankhosa ka m'nthano. Mpaka Natani anachita kumuloza chala n'kumuuza kuti wolemera wa m'nkhaniyo anali iye mwini.

N'chifukwa chiyani zimatero? Ndakhala ndikulingalira. Kulirira nyama n'kosavuta chifukwa nyama siidzabwera mawa kudzagogoda pakhomo pako. Cecil sadzakupempha ndalama ya fizi. Ukalira, wamaliza, ndipo umadzimva kuti ndiwe munthu wabwino. Koma ukalirira munthu, misozi ija imakusiyira ngongole. Imafuna bulangete lako, thumba lako la chimanga, chipinda chako chija chosungiramo katundu. Kwa Davide, kulirira Uriya kukanafuna kuti avomere kuti wakupha ndi iye. Ndiye mtima wa munthu ndi wochenjera, umathamangira kumene chisoni chili chotchipa.

China n'chakuti nyama sitiifunsa mafunso. Munthu akagwa m'tsoka timayamba takhala pabwalo la milandu. Ankapitiranji ku Joni wopanda mapepala? Ankayenderanji usiku? Anakwereranji bwato lodzaza? Timafunafuna kachifukwa koti tsokalo likhale lake, kuti ife timasuke.

Apa ndidziulule ndekha, poti mlaliki amene salapa amangokhala wolira belu. Kunyumba kwathu tinali ndi galu, ana anamutcha Bulaki. Kumayambiriro kwa 2023 anagundidwa ndi minibasi pamsewu. Ine abusa, bambo wa zaka zoposa 40, ndinakumba dzenje ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku limenelo nsima sinalowe. Patangopita milungu yochepa kunabwera namondwe wa Freddy, mu March. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 anafa, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero. Tikumvera nkhani pawailesi, ine ndinapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma anthu amenewa ankamangiranji nyumba m'phiri? Boma linawachenjeza kalekale."

Mayi a kunyumba anali akusenda mbatata. Sanakweze mawu. Anangoti, "Abusa, Bulaki uja munamufunsa kuti ankafuna chiyani pamsewu?"

Abale, Natani wanga anali atavala chitenje. Ndinasowa choyankha. Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, ndipo kwa nthawi yaitali sindinathe ngakhale kupemphera m'malilime. Galu ndinamukumbira manda osafunsa kanthu, koma ana okwiriridwa m'matope ndinawaimba mlandu asanafukulidwe n'komwe. Ndipotu ndimadziwa bwino chimene chimamukweza munthu m'phiri: lendi ya m'tauni, malo otchipa, ganyu amene ali pafupi. Palibe amene amasankha kugoneka ana ake pansi pa mwala chifukwa chokonda mphepo yabwino.

M'mawa mwake tinatenga mabulangete awiri ndi ufa umene unalipo, n'kupita pasukulu ina imene anthu ankasungidwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi bambo wina wachikulire amene anali yekhayekha pakona. Ndinafuna kuyamba kumulalikira, Mzimu anandiletsa. Ndinangomufunsa mayina a anthu ake. Anatchula mkazi wake, anatchula ana atatu, mmodzimmodzi, ndi zaka zawo, ndi kalasi imene aliyense anali. Wamng'onoyo anali asanayambe sukulu. Ndinawalemba kuseri kwa Baibulo langa, lomweli ndagwira muno mu situdiyo, ndipo Lachitatu lililonse tikamasala kudya kumpingo ndimawawerenga ndisanayambe pemphero. Bambo aja anabwerera kwawo kumudzi, koma timaimbiranabe foni.