Mlendo Wodzafunsa: Phunziro Lochokera ku Zinacantán



Ambiri a inu munamuonapo mlendo wachinyamata akulowa m'mudzi mwanu atanyamula kabuku ndi cholembera. Amayamba wakaonekera kwa anyakwawa, kenaka amakhala pamphasa nkumafunsa za chinkhoswe, za maliro, za munda ndi za mtondo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu amatsazika, ndipo simumvanso za iye. Mwina munadzifunsapo kuti munthu ameneyu anamutuma ndani, nanga mawu athu aja anapita nawo kuti. Lero ndifuna tiyende ulendo wautali wa ku Mexico kuti tikamve mmene ntchito yotereyi inayendera kumeneko, pakuti nkhani yake ikutikhudza ndi ife.

Alendo otere amakhala ophunzira a m'mayunivesite amene akuchita maphunziro a chikhalidwe cha anthu, amene pachizungu amati anthropology. Maphunziro amenewa satheka m'kalasi mokha. Bronislaw Malinowski, amene anakhala pakati pa anthu a kuzilumba za Trobriand pakati pa 1915 ndi 1918, anaonetsa kuti wofuna kudziwa anthu ayenera kugona m'mudzi mwawo, kudya zakudya zawo ndi kulankhula chinenero chawo. Ku Ulaya ndi ku America tchuthi chachikulu cha ophunzira chimagwa m'miyezi ya June, July ndi August, imene kwawoko ndi yotentha pamene kwathu kuno ndi yachisanu. Ndiyo nthawi imene mayunivesite amatumiza ana awo kumayiko akutali kuti akayese ntchitoyo ndi manja awo.

M'chaka cha 1957 mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Harvard, Evon Vogt, anayamba kafukufuku kumapiri a Chiapas, kumwera kwa Mexico. Anasankha dera la Zinacantán, pafupi ndi mzinda wa San Cristóbal de las Casas, kumene kumakhala anthu a mtundu wa Maya olankhula chinenero cha Tzotzil. Anthuwa ndi alimi a chimanga ndi nyemba monga ife. Kusiyana kwake nkwakuti iwo saphika nsima, koma amaumba tizikondamoyo topyapyala totchedwa tortilla. Kwawo nkokwera ndi kozizira, kotero abambo ambiri ankatsikira kuchigwa chotentha kukabwereka minda.

M'chaka cha 1960 mayunivesite a Columbia, Cornell ndi Harvard anagwirizana zotumiza ophunzira awo kumidzi ya ku South America ndi ku Mexico patchuthi, ndipo pambuyo pake yunivesite ya Illinois inalowamo. Ena ankapita ku Peru, ena ku Ecuador, ena ku Brazil, ndipo ena ku Chiapas komweko. Conrad Kottak, amene anapita kumudzi wa asodzi wa Arembepe ku Brazil mu 1962 akali mnyamata, anabwererako kambirimbiri pambuyo pake, nalemba buku la mmene mudziwo unasinthira. Ku Chiapas ntchito inapitirira mpaka 1980, ndipo ophunzira oposa 100 anadzerako.

Ntchitoyo inkayenda motere. Wophunzira asananyamuke ankayamba waphunzirako chinenero cha Tzotzil ndi kuwerenga zimene anzake analemba. Akafika, ankamupereka kubanja lina kuti azigona ndi kudya komweko. Aliyense ankakhala ndi funso lake limodzi: wina za ukwati, wina za milandu, wina za asing'anga, wina za malonda a mchere. Anayenera kuphunziranso ulemu wa kumeneko. Kwa anthu a ku Zinacantán munthu sankapempha chinthu chachikulu chimanjamanja. Ankanyamula botolo la kachasu wa nzimbe, ndipo wopemphedwayo akalandira ndiye kuti wavomera. Mlendo wosadziwa zimenezi ankangobwerera ndi kabuku kopanda kanthu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Vogt ankadziwa kuti miyezi itatu ndi yochepa. Amene wabwera chimanga chili m'munda, nachoka asanakolole, sangadziwe za nkhokwe kapena za njala. Choncho anakonza kuti zolemba za wophunzira aliyense zizisungidwa pamodzi, kuti wobwera chaka chamawa aziyambira pamene mnzake analekeza. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekhako kunabala zipatso. Mu 1965 Frank Cancian anafotokoza za maudindo a chipembedzo a kumeneko: mwamuna amatumikira chaka chathunthu, kugula zakudya, makandulo ndi zakumwa za pachikondwerero ndi ndalama za m'thumba mwake, mpaka kulowa m'ngongole, ndipo malipiro ake ndi ulemu. Anthu ankalembetsa maina ndi kudikira zaka zambiri kuti apeze mwayi wowononga chuma chawo motero. Mu 1969 Vogt anatulutsa buku lake lalikulu lonena za Zinacantán. Mu 1975 Robert Laughlin anatulutsa dikishonale ya Tzotzil ya mawu pafupifupi 30,000, atagwira ntchito zaka 14 pamodzi ndi eni chinenero.

Komatu, omvera anzanga, nkhaniyi ili ndi mbali yake ina. Mabuku onsewa analembedwa m'Chingerezi, ena anamasuliridwa m'Chisipanishi, koma nkhalamba zimene zinapereka nzeruzo sizikanatha kuwawerenga. Ophunzira anabwerera kwawo nakhala madokotala ndi aphunzitsi otchuka, pamene owaphunzitsa anatsala ndi khasu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ena mwa amuna amene ankathandiza ofufuzawo anadandaula poyera kuti alendo anawatsegula maso pa chikhalidwe chawo, koma zonse anakazisindikiza kutali m'zinenero zachilendo. Laughlin anamva dandaulolo, ndipo anathandizana nawo kukhazikitsa bungwe la Sna Jtz'ibajom, kutanthauza Nyumba ya Mlembi. Kumeneko eni ake anayamba kulemba nthano zawo, kuchita masewero ndi kuphunzitsa anzawo kuwerenga m'chinenero chawo.

Chinanso chinaoneka pa 1 January 1994, pamene alimi osauka a ku Chiapas, odzitcha Zapatista, ananyamula mfuti nalowa mu San Cristóbal chifukwa cha nkhani za malo ndi umphawi. Anthu ena anadzudzula ofufuza aja kuti anataya nthawi pa miyambo ndi zikondwerero, osapenyetsetsa za minda ndi ulamuliro. Chidzudzulocho sichinali cha onse, pakuti George Collier, mmodzi wa ophunzira a Vogt, ndiye analemba chaka chomwecho buku lofotokoza gwero la mkanganowo. Komabe phunziro lake nlomveka: mlendo amaona zimene wabwera kudzafuna, ndipo zimene zikuwasowetsa tulo eni mudzi akhoza kuzidutsa osaziona.

Kuno kwathu alendo otere si achilendo. Margaret Read anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, ndipo buku lake linatuluka mu 1956. Chaka chomwecho Clyde Mitchell anatulutsa lake lonena za midzi ya Ayao, ndipo mu 1964 Jaap van Velsen analemba za Atonga a ku Nkhata Bay. M'mabuku amenewa muli mawu a agogo athu amene ife sitinawaone ndi maso, ndipo tiyenera kuyamika kuti anasungidwa. Koma ndi angati mwa zidzukulu zawo amene anawagwirapo mabukuwo?

Tsono mlendo wa kabuku akadzafika m'mudzi mwanu, mulandireni monga mwa mwambo wathu, pakuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma musaiwale kuti pamphasapo mphunzitsi ndinu, iye ndi mwana wa sukulu. Muli ndi ufulu womufunsa amene wamutuma ndi kuona kalata yake ya chilolezo. Muli ndi ufulu wokana kuyankha, wokana kujambulidwa, ndi wobisa dzina lanu. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo mlendo wolongosoka sadzakukakamizani kuziulula. Pomaliza mumufunse kuti zimene walemba mudzazimva liti, ndiponso m'chinenero chanji.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana a m'masukulu athu, simusowa ndege kuti muyambe ntchitoyi. Patchuthi chikudzachi tengani kope, mukakhale pafupi ndi agogo anu, muwafunse kumene mtundu wanu unachokera ndi mmene ankasungira mbewu. Mukalemba, muwawerengere kuti akukonzeni pamene mwalakwitsa.