Kuyeretsa Cigaza ca Nyama ndi Madzi m'Nyengo ya Cisanu

Nkhani ya lero ndi ya nchito imene siidziwika kwambiri, koma iri yothandiza kwa aphunzitsi, kwa alenje okhala ndi cilolezo, ndi kwa onse ofuna kudziwa bwino nyama za m'chire ndi zoweta zomwe. Nchitoyo ndiyo kuyeretsa cigaza ca nyama pocibviika m'madzi, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pamene cisanu cafika ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe.

Wina angafunse kuti, kodi cigaza ca mbuzi imene inadyedwa kale ciri ndi phindu lanji? Yankho liri m'kamwa mwace. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa ziri ndi mano 32, koma kutsogolo kwa nsagwada ya kumwamba kulibe dzino ngakhale limodzi. Kuli usinini wolimba wokha, pamene mano a pansi amapanikizirapo udzu. Galu ali ndi mano 42, mphaka 30, nkhumba 44. Maenje a maso a mphaka apenya kutsogolo, monga kuyenera nyama yosaka zinzace, pamene a mbuzi ali m'mbali, kuti ione mdani angacokere kuti. Mwana wa sukulu amene wagwira zigaza ziwiri zotere m'manja mwace saiwala zimene waona, kusiyana ndi mnzace amene anangozilemba kucokera pa bolodi. Ndico cifukwa cace nyumba zosungiramo zinthu za cilengedwe, monga ya ku Bulawayo, zimasunga zigaza zikwi zambiri.

Tsono coyamba kucidziwa ndi ici: madzi pa okha sayeretsa pfupa. Amene amagwira nchitoyo ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya, timene timadya mnofu ndi mitsempha kufikira zitasungunuka, ndi kusiya pfupa lokha. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Holland, anationa ndi galasi lace lokuza zinthu mu 1676, ndipo mu 1863 Louis Pasteur wa ku France anafotokoza kuti kubvunda kwa zinthu ndi nchito ya zamoyo zazing'onozi. Amai a ku Nkhata Bay amene amabviika cinangwa ca kondowole akhala akugwira nchito ndi tizirombo ta mtundu umenewu kuyambira kale. Iwo adziwa kuti cinangwa cimene cimafewa msanga mu October cimacedwa mu June, ngakhale madzi ali omwewo. Cigaza naco ciri cimodzimodzi.

Tizirombo timeneti timakonda madzi ofunda, a madigiri 30 kufikira 35 pa muyeso wa Celsius, ndiko kuti kucepera pang'ono kufunda kwa thupi la munthu. M'madzi otere cigaza ca mbuzi cingathe kuyera m'masabata awiri kapena atatu. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 10, tizirombo timalefuka, ndipo nchito ya masabata imasanduka ya miyezi. Akaundana, nchito yonse imaima. Kucedwako kuli ndi bvuto lace lina: mafuta a nyama akakhalitsa m'madzi ozizira amasanduka cinthu coyera conga sopo wouma, cimene cimakanirira pa pfupa ndipo sicicoka popanda kupala.

Ku maiko a kumpoto, monga Canada ndi Scotland, cidebe cosiyidwa pabwalo cingathe kuundana conse. Popeza madzi akaundana amafufuma, amene analowa m'ming'alu ya pfupa ndi m'mano amaziswa. Motero anthu a kumeneko amalowetsa cidebe m'nyumba ya padera naikamo cotenthetsera madzi ca magetsi, conga cija ca m'thanki yowetera nsomba za m'nyumba, kapena amaumitsa mutu wonse m'firiji kudikira kuti nyengo yofunda ifike. Kuno cisanu sicifika pamenepo kawiri kawiri, koma pa Nyika ndi ku Nyanga udzu umayera mbuu m'mamawa, ndipo ku Dedza ndi ku Bulawayo madzi ogona panja mu July amabaya m'manja. Kuzizira kotere ndi kokwanira kugonetsa tizirombo tija.

Kacitidwe kace ndi kotere. Munthu ayambe wasenda cikopa, nacotsa lilime, maso ndi mnofu wonse umene mpeni ungafikepo, mosamala kuti asakande pfupa. Bongo aubvundule ndi waya kudzera pa cibowo ca kumbuyo, pamene cigaza cimalumikizana ndi khosi, nautsuke ndi madzi. Mnofu ukacepa, nchito ya tizirombo imacepanso, ndipo m'nyengo ya cisanu cimeneci ndi cofunika koposa. Kenaka cigaza ciikidwe m'mbiya kapena m'cidebe ca pulasitiki, cimire conse m'madzi. Cidebe ca citsulo sicifunika, pakuti dzimbiri limadetsa pfupa. M'madzimo musalowe sopo, mcere kapena mankhwala ali onse, cifukwa zimenezi zimalepheretsa tizirombo tomwe munthuyo akudalira. Cibvundikiro cikhale cotseka nchenche koma cosatsekeratu mpweya, ndipo pamwamba pace paikidwe mwala wolemera, pakuti agalu ndi afisi amamva pfungo ali kutali.

Pofuna kusunga kufunda kumene kulibe magetsi, pali njira zitatu zosalira ndalama. Yoyamba ndiyo kuika cidebe cakuda pamalo pamene dzuwa limaomba tsiku lonse ndiponso pochinga mphepo, ndi kucifunditsa masaka ndi udzu wouma dzuwa lisanalowe. Yaciwiri ndiyo kucikwirira kufikira m'khosi m'mbali mwa mulu wa manyowa amene ali kuola, popeza mulu wotere umatentha wokha usana ndi usiku. Koma cisalowe pakati peni peni, pamene kutentha kungapitirire muyeso. Yacitatu ndiyo kuthiramo madzi ofunda masiku angapo ali onse. Posintha madzi, munthu acotseko theka lokha, nasiye enawo, cifukwa m'madzi akale onunkhawo ndimo muli mbeu ya tizirombo. Amene amataya madzi onse nathiramo ozizira a pa citsime, amayambanso nchito yace paciyambi. Madzi otayidwa adutse pa sefa kapena pa nsaru, pakuti mano amaguluka nagwera pansi pa cidebe, ndipo dzino lotayika liribe colowa m'malo mwace.

Nyama za nyanga, monga ng'ombe, mbuzi, ngoma ndi mphalapala, zifuna cisamaliro cina. Nyanga yooneka kunja ndi cikwama cabe cobvala pa pfupa la m'kati. Ikayamba kugwedera, ipotokoledwe ndi kuzulidwa, itsukidwe niiumikidwe pa yokha, kuti idzabwezedwe pamalo pace nchito itatha. Ikasiyidwa m'madzi nthawi yaitali imafewa ndi kusenduka.

M'nyengo ya cisanu mtima umafulumira, ndipo ambiri amayesedwa kuti angowiritsa mutuwo pamoto. Kuwiritsa kumacotsadi mnofu tsiku lomwelo, koma kumalowetsa mafuta m'kati mwa pfupa, mwakuti patapita miyezi cigaza cimacita mawanga acikasu ndi kununkha. Kumang'ambanso mano, kumaononga timafupa topyapyala ta m'mphuno topindika ngati masamba ouma, ndiponso kumamasula zigaza za nyama zazing'ono, zimene mafupa ao sanalumikizane kolimba. Ciyeso cina ndi mankhwala a klorini oyeretsera zobvala. Amenewa amayeretsa cigaza mwa kanthawi, koma amapitiriza kudya pfupa, kufikira liyamba kuyoyoka ngati coko.

Mnofu wonse ukatha, cigaza citsukidwe ndi madzi oyera, ndipo pamenepa sopo aloledwa. Cibviikidwe m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, osinthidwa kawiri kawiri, kufikira mafuta aleka kuyandama pamwamba. Cigaza ca nkhumba cimacedwa pa nchito imeneyi cifukwa ca kunona kwace. Wofuna kuti ciyere kopambana acibviike tsiku limodzi kapena awiri mu hydrogen peroxide wa mphamvu ya 3 pa 100, wogulidwa ku sitolo ya mankhwala, nyanga zokha zisakhudzidwe. Ciumikidwe pa mthunzi, pakuti dzuwa lamphamvu limang'amba mano, ndipo cikauma mano abwezedwe m'maenje ao ndi guluu wa matabwa.

Pali macenjezo amene sayenera kunyozedwa. Nyama yopezeka yofa yokha isakhudzidwe konse. Mu 2011, m'boma la Chama ku cigwa ca Luangwa, mvuu zinafa ndi nthenda ya anthrax, ndipo anthu mazana angapo amene anagwira kapena kudya nyama yace anadwala, ena namwalira. Mbeu ya nthendayi imakhala yamoyo m'dothi ndi m'mafupa zaka zambiri. Mutu wa galu kapena nkhandwe yokayikitsa uli ndi ngozi ya ciwewe, cimene cimakhala m'bongo ndi m'malobvu. Wotere ndi wa alangizi a ziweto. Wogwira nchito ya cigaza abvale magolovesi, asaigwire ali ndi bala m'manja, ndipo asambe ndi sopo akatha. Madzi onunkha atayidwe m'dzenje kutali ndi citsime, nakwiriridwe. Kunena za malamulo, m'maiko onse atatu cigaza, nyanga kapena dzino la nyama yotetezedwa sizisungidwa popanda cilolezo ca Boma, ngakhale munthu atacita cotola. Mphunzitsi amene ayamba ndi mutu wa mbuzi kapena wa nkhumba yophedwa pa mudzi alibe mlandu ndi munthu.

Cotsiriza ndi kapepala. Pa cigaza ciri conse pamangidwe mau osonyeza dzina la nyama, ngati inali yaimuna kapena yaikazi, malo amene inacokera, ndi tsiku lace. Popanda mau amenewa cigaza cingakhale cokongola, koma kwa ophunzira a mtsogolo cidzanena zocepa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene abviika cigaza mu June acisunge cofunda monga angathere, asasinthe madzi onse, ndipo asathamangire moto. Ngati cicedwabe, palibe caonongeka: kutentha kwa September kukafika, tizirombo tidzadzuka ndi kutsiriza nchito yao.