Tisandutsa bwanji filimu ya 12 Angry Men kukhala sewero lathu

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa gulu la zisudzo

Anzanga, zikomo kuti mwabwera ngakhale ena mwachokera kothyola tiyi. Ndikufuna tigwirizane chimodzi tisanagawane mbali.

Filimu imene tasankha ndi 12 Angry Men ya mu 1957. Analemba ndi Reginald Rose, anawongolera ndi Sidney Lumet, ndipo Henry Fonda ndiye anasewera munthu wokana kutsatira gulu. Mnyamata wa zaka 18 akuimbidwa mlandu wopha bambo ake ndi mpeni. Anthu 12 atsekeredwa m'chipinda kuti agamule, ndipo akati ndi wolakwa, mnyamatayo aphedwa. Pa voti yoyamba, 11 akuti wolakwa. Mmodzi yekha akuti tiyeni tikambirane kaye.

Ubwino wake ndi woti pafupifupi filimu yonse ikuchitikira m'chipinda chimodzi. Sitifunika galimoto kapena mfuti. Tebulo, mabenchi ndi mpeni wa mtengo, basi.

Koma kamera ili ndi mphamvu imene ife tilibe. Lumet ankasintha magalasi a kamera kuti chipinda chizioneka ngati chikupanikiza anthu nkhani ikamakula. Ife tizisendeza mabenchi pang'onopang'ono mpaka anthu athinane. Kamera imaonetsa thukuta pamphumi, pamene agogo okhala kumbuyo kwa holo sangalione. Choncho mantha aoneke m'mayendedwe ndi m'mawu. Wosintha maganizo adzuke, awoloke, akaime mbali ina, aliyense aone.

Chachiwiri, sitikopera mawu a Rose. Ntchito yake ili ndi eni ake, monga mmene COSOMA imatetezera alembi athu kuno. Tibwereka mafupa okha, mnofu ukhale wathu. Kwathu kuno nkhani ikhala ya mnyamata woganiziridwa kuti wapha mlonda wa pa esiteti. Sititchula esiteti iliyonse. Anthu 12, amayi ndi abambo, othyola tiyi, kapitawo, wa kabaza, mphunzitsi, amusunga m'kalasi podikira apolisi, kunja chikhamu chikukuwa kuti amutulutse. M'filimu muja umboni ukugwa umodziumodzi: mpeni umene ankati ndi wosowa ukupezeka wina wofanana nawo, ndipo mayi amene akuti anaona zonse ayenera kuti sanavale magalasi ake. Ife tifunse: chikwanje chotere alibe ndani m'mudzi muno? Usiku wa chiperoni, nkhungu ili tolo, ungazindikire nkhope ya munthu patali?

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mu 1953 chipolowe cha kuno ku Thyolo chinayamba ndi anthu ogwidwa akuba malalanje ku Mangunda, mphekesera itafala kuti aphedwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kuno kummwera, ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Ambiri mwa ife tinaona mmene mawu oti "ndamva kuti" amathamangira kuposa apolisi.

Ndiye inu amene mutenge mbali za anthu 11 aja, musawasewere ngati zitsiru. Wina akuthamangira mpira, wina ali ndi mkwiyo ndi mwana wake, wina akungoopa kutsutsa akuluakulu. Oonera adzione okha mwa iwo, apo ayi adzangoseka n'kubwerera kwawo osasintha kanthu.

Loweruka tikumana 2 koloko masana. Aliyense abwere atalemba chifukwa chimodzi chimene munthu wake akufunira kuti mlandu uthe msanga. Atsikana, mbali ya wokana uja ndi yotseguka kwa aliyense.