Ntchito Yowoloka Nyanja: Phunziro la Bambo Murthy ndi Anzao

Nkhani ya sabata ino ikuchokera ku India, ndipo ikunena za mtundu wa ntchito umene makolo sanauone. Kale munthu wofuna ndalama za kunja ankanyamula mtolo wake, natsanzika banja, nakwera ulendo wa ku Wenela kapena ku Teba. Munthu ndiye ankalondola ntchito. Masiku ano ntchito zina ndizo zimalondola munthu. Banki ya ku London kapena sitolo yaikulu ya ku New York imatha kupereka ntchito ya makompyuta ake kwa anyamata ndi atsikana okhala ku Bengaluru, amene amaigwira ali kwao, naitumiza pa intaneti. Mmodzi wa anthu amene anatsegula njira imeneyi ndi Bambo Narayana Murthy, ndipo m'mbiri yao muli zambiri zimene wantchito ndi mtsogoleri yemwe angatolepo.

Bambo Murthy anabadwa mu 1946 m'chigawo cha Karnataka, kum'mwera kwa India. Atate ao anali mphunzitsi, ndipo pakhomopo panalibe chuma. Anaphunzira za magetsi ku Mysore, kenaka anapitiriza maphunziro ku Kanpur kumene anatsiriza mu 1969. Kampani yoyamba imene anayambitsa, yotchedwa Softronics, inagwa isanakwanitse zaka ziŵiri. Ataona kuti zakanika anakaloŵa ntchito ku kampani ya Patni Computer Systems, ndipo kumeneko ndi kumene anadziŵana ndi anyamata amene anadzakhala anzao pa malonda.

Mu July 1981 amuna asanu ndi aŵiri anayambitsa kampani ya Infosys. Mpamba wao unali marupi 10,000, ndipo Bambo Murthy anachita kubwereka ndalamazo kwa akazi ao, Mai Sudha Murty. Cholinga chinali kulemba maprogramu a makompyuta a makampani a kunja. Wogula wao woyamba anali kampani ya Data Basics Corporation ya ku New York. Mu 1983 anasamukira ku Bangalore, mzinda umene lero ukutchedwa Bengaluru.

Zaka zoyambazo zinali za thukuta. Nthaŵi imeneyo boma la India linkafuna chiphaso pa chilichonse. Bambo Murthy amasimba kuti anadikira chaka chathunthu kuti awalumikizire telefoni, ndipo kuti aitanitse kompyuta kuchokera kunja panapita zaka, pamodzi ndi maulendo ambiri okapempha chilolezo ku Delhi. Popeza ku ofesi kunalibe zipangizo zokwanira, ambiri mwa iwo ankapita ku America kukagwirira ntchito pa makina a ogula, nasiya mabanja ao kwa miyezi. Zaka zisanu ndi zitatu zitatha phindu linali losaoneka. Mu 1989 mgwirizano wao ndi kampani ina ya ku America unasokonekera, ndipo m'chaka chomwecho mmodzi wa oyambitsawo, Bambo Ashok Arora, anachoka.

Phunziro loyamba likuchokera m'chaka cha 1990. Panabwera anthu ofuna kugula kampaniyo ndi madola 1 miliyoni, ndalama zimene otsalawo anali asanazionepo. Monga mmene Bambo Murthy amafotokozera, anakhala pansi mu ofesi yao kwa maora angapo, ndipo anzao ambiri anaona kuti nkwabwino kugulitsa. Iwo anamvetsera kufikira aliyense atatha mau ake. Pomaliza ananena kuti ngati anzaowo atopa, iwo adzagula magawo ao onse, ngakhale kuti m'thumba munalibe kanthu. Anzao aja, poona kuti mtsogoleri wao wakonzeka kusenza yekha katunduyo, anasintha maganizo natsala. Chimene chinawagwira mtima chinali choti munthu amene ankawalimbikitsa kupirira anali woyamba kuika zake zonse pa ngozi. Mtsogoleri amene amauza anzake kuti alimbe mtima iye ataima pamalo otetezeka, mau ake sapita patali.

Pajatu akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chaka chotsatira, mu 1991, boma la India linasoŵa ndalama za kunja, ndipo Nduna Yaikulu Bambo Narasimha Rao pamodzi ndi nduna ya za chuma Bambo Manmohan Singh anamasula malamulo a malonda. Ziphaso zambiri zinathetsedwa, misonkho ya zipangizo inatsika, ndipo makampani anayamba kulumikizana ndi maiko a kunja kudzera pa setilaiti. Amene akanagulitsa mu 1990 akanaphonya mwai umenewu ndi chaka chimodzi chokha. Komabe nkofunika kunena kuti kupirira kokha sikukanakwanira. Malamulo a dziko akanapanda kusintha, ndiponso sukulu za India zikanapanda kutulutsa akatswiri ambiri odziŵa masamu ndi Chingerezi, khama la amuna ameneŵa likanathera m'njira.

Tsono ntchito yowoloka nyanjayi imayenda motere. Antchito oŵerengeka amakhala kwa wogula, ku America kapena ku Ulaya, kuti amve bwino chimene akufuna. Gulu lalikulu limatsala ku India, kumene malipiro ndi otsika, ndipo ndilo limalemba ndi kuyesa maprogramu. Pakati pa India ndi New York pali kusiyana kwa maora pafupifupi khumi, kotero kuti wogula akamapita kukagona, ku India kumakhala kukucha. Vuto limene watumiza madzulo amalipeza litakonzedwa m'maŵa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabukanso vuto lotchedwa Y2K. Maprogramu akale ankalemba chaka ndi manambala aŵiri okha, monga 98 m'malo mwa 1998, ndipo kunali mantha kuti pofika chaka cha 2000 makina adzayesa kuti ndi 1900. Panafunika manja ambiri oti aŵerenge ndi kukonza mizere yosaŵerengeka ya maprogramu, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linapita ku India. Inali ntchito yotopetsa imene akatswiri ena ankainyoza, koma amene anaigwira mosamala anapata mbiri yabwino, ndipo ogula omwewo anabweranso ndi ntchito zazikulu.

Phunziro lachiŵiri ndi la m'chaka cha 1995. Pa nthaŵiyo gawo limodzi mwa magawo anai a ndalama zonse za Infosys linkachokera kwa wogula mmodzi, kampani ya General Electric. Pokambirana za mgwirizano watsopano, kampaniyo inafuna mitengo yotsika kwambiri. Bambo Murthy anaona kuti pa mtengo umenewo sakanatha kuphunzitsa antchito, kugula zipangizo ndi kusunga ntchito yabwino. Anakana, koma analonjeza kuthandiza kuti ntchitoyo isamutsidwe bwinobwino kupita kwa ena. Chinali chisankho choŵaŵa. Kuchokera pamenepo anakhazikitsa lamulo loti kampani isamadalire kwambiri wogula mmodzi, dziko limodzi kapena mtundu umodzi wa ntchito. Mlimi aliyense amene anadalirapo mbeu imodzi ndi msika umodzi akudziŵa kuti tsiku limene wogula watsitsa mtengo, wogulitsa amasoŵa pothaŵira. Kampaniyo inapulumuka ndipo inakula. Mu 1999 inakhala kampani yoyamba ya ku India kugulitsa magawo ake pa msika wa Nasdaq ku America, ndipo mu 2004 ndalama zake za pachaka zinapitirira madola 1 biliyoni. Antchito ambiri anapatsidwa magawo a kampani, kotero kuti phindu silinathere kwa oyambitsa okha.

Phunziro lachitatu ndi la kukhulupirika, ndipo likuoneka bwino pa zimene zinachitikira kampani ina. Ku Hyderabad kunali kampani yaikulu ya ntchito zomwezi yotchedwa Satyam, dzina limene limatanthauza choonadi. Pa 7 January 2009 wapampando wake, Bambo Ramalinga Raju, analemba kalata youlula kuti kwa zaka zambiri ankakuza manambala a m'mabuku. Ndalama zopitirira madola 1 biliyoni zimene zinalembedwa kuti zilipo, kunalibe. Mtengo wa magawo unagwa tsiku lomwelo, ndipo antchito zikwizikwi amene sanalakwe kanthu anagona osadziŵa ngati adzalandira malipiro. Boma linaika atsogoleri atsopano, kampani ya Tech Mahindra inagula Satyam m'chaka chomwecho, ndipo mu 2015 bwalo la milandu linalamula kuti Bambo Raju akhale m'ndende zaka zisanu ndi ziŵiri. Pa malonda a mtundu uwu wogula amapereka zinsinsi za banki yake kwa anthu amene sanawaonepo, okhala tsidya la nyanja. Chimene amagula kwenikweni ndi chikhulupiriro, ndipo bodza la munthu mmodzi linachititsa kuti makampani onse a ku India akayikiridwe kwa kanthaŵi.

Komatu nkhaniyi ili ndi mbali ina imene siyenera kubisika. Walira mvula walira matope. Ntchito ikawoloka nyanja, pali munthu amene yamuchokera. Mu 2015 kunamveka kuti antchito mazana angapo a kampani ya magetsi ya Southern California Edison anachotsedwa, ntchito yao itaperekedwa ku Infosys ndi Tata Consultancy Services, ndipo ena anauzidwa kuti aphunzitse owaloŵa m'malo asanachoke. Mu 2013 Infosys inalipira boma la America madola 34 miliyoni kuti ithetse mlandu wokhudza ziphaso zoloŵetsera antchito m'dzikomo. Inavomera kuti zolembera zake zinali ndi zolakwa, koma inakana kuti inachita chinyengo. Ngakhale kumene ntchito yafikira sikuti nkwa mtendere nthaŵi zonse. Mu January 2023 magazini ya Time inalemba za antchito a kampani ya Sama ku Nairobi, amene ankaŵerenga ndi kusanja zolemba zonyansa ndi zoopsa pofuna kuphunzitsa makina a kampani ya OpenAI, nalandira ndalama zosakwana madola aŵiri pa ora. Ntchito imene yabwera chifukwa cha kutsika kwa malipiro imatha kuchokanso tsiku limene kwapezeka ena olandira zochepa.

Phunziro lachinai ndi la kutula udindo, ndipo pano mbiri ya Bambo Murthy ili ndi zoyamika ndi zodandaulitsa zomwe. Mu 2002, ali ndi mphamvu zao, anasiyira mnzao Bambo Nandan Nilekani udindo woyendetsa kampani, ndipo mu 2011 anapuma pa upampando atakwanitsa zaka 65. Anthu anawatama pochita zimene atsogoleri ambiri zimawakanika. Koma mu 2013, malonda atayamba kufooka, anaitanidwanso, ndipo anabwera ndi mwana wao ngati wowathandiza, chinthu chimene chinadabwitsa ambiri popeza oyambitsawo anali atagwirizana kuti ana ao asaloŵe m'kampani. Anachokanso mu 2014. Mu 2017 anakangana poyera ndi akuluakulu a kampani pa za kayendetsedwe ka ndalama, ndipo Bambo Vishal Sikka, amene ankayendetsa kampaniyo, anatula pansi udindo. Ena anati Bambo Murthy ankateteza mwambo wabwino, ena anati analephera kusiya. Mfumu imene yatula mpando koma nimaweruzabe milandu ili pakhonde, imasokoneza woloŵa m'malo ngakhale zonena zake zikhale zoona.

Mu October 2023 Bambo Murthy ananena kuti achinyamata a ku India ayenera kugwira ntchito maora 70 pa sabata kuti dziko litukuke. Mauwo anabutsa mkangano waukulu. Iwo ankakumbukira mmene anagwirira ntchito pa unyamata wao. Achinyamata ambiri anayankha kuti mwini munda ndi waganyu sangafanane mtima, pakuti wina amakolola zonse pamene wina amalandira za tsiku lokhalo. Madokotala nao anachenjeza za matenda obwera ndi kutopa. Pamenepa mtsogoleri aliyense angaphunzire kuti asanapemphe anthu ake kudzipereka, ayambe waonetsa chimene iwo adzapindule.

Lero Infosys ili ndi antchito opitirira 300,000, ndipo ku Mysuru ili ndi sukulu yaikulu kumene olembedwa kumene amaphunzira kwa miyezi asanakhudze ntchito ya wogula. Koma nthaka ikugwedezekanso. Makina a nzeru zopanga, amene ambiri amawatcha AI, ayamba kulemba ndi kuyesa maprogramu, ntchito zomwe zija zinkapatsidwa kwa achinyamata ongoyamba. Mu July 2025 kampani ya Tata Consultancy Services inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 12,000. Luso limene linadyetsa banja dzulo likhoza kukhala lopanda msika maŵa, ndipo wantchito amene waleka kuphunzira ali pa ngozi yoposa ya amene sanalembedwe.

Mnyamata kapena mtsikana amene akumvera nkhaniyi ali ku sukulu, nafuna kudzagwira ntchito zotere, akumbukire kuti amuna asanu ndi aŵiri aja anayamba ndi masamu, chilankhulo chimene wogula amamva, ndi chizoloŵezi chomaliza ntchito pa tsiku limene analonjeza. Amene ali ndi anthu pansi pake, kaya ndi mu ofesi, m'sitolo kapena m'kalabu ya alimi, aonetsetse kuti mabuku ake akunena zoona, asadalire wogula mmodzi, agaŵane phindu ndi amene anakhetsa thukuta, ndipo akonzekeretse womuloŵa m'malo nthaŵi ikadalipo.